Kodi Mulungu Timamusiya pa Songwe?

Linali Loweruka madzulo pamene basi yathu inalowa mu mzinda wa Dar es Salaam, titayenda usana ndi usiku kuchokera ku Lilongwe, kudzera ku Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Ife tinali pa ulendo wokatenga galimoto ya parishi imene inafikira padoko la kumeneko. Anzathu ambiri a m'basimo anali amalonda, opita kukagula nsalu, nsapato ndi ziwiya ku Kariakoo. Mwa iwo munali Akatolika angapo amene tinadziwana nawo panjira, ena ovala korona m'khosi, ndipo mayi mmodzi anatiuza monyadira kuti ndiye mtsogoleri wa mphakati kwao. Tsono potsika tinawafunsa kuti, "Kodi mawa tikumana ku Misa ya nthawi yanji?" Iwo anayang'anana, naseka mwaulemu, ndipo bambo wina anayankha m'malo mwa onse: "Pepani Abambo, kuno tabwerera ndalama. Za Mulungu tikazionera kwathu."

Bamboyo sananene mawu amenewa mwachipongwe ayi. Anawanena mofatsa, monga munthu wonena chinthu chodziwika ndi aliyense, ndipo n'chifukwa chake anatipweteka mumtima. Chipongwe chimatha ndi kupepesa, koma chizolowezi chimalowa m'mafupa ndipo chimapatsira ana. Tikulemba pano pofuna kutsutsa poyera chiphunzitso chimenechi, chimene sichinalembedwe mu katekisimu aliyense koma chili ndi ophunzira ambiri pakati pathu: chakuti Mulungu ndi wa kumudzi, ndipo mzinda ndi wa ndalama.

M'mawa mwake, tsiku Lamulungu, tinapita tokha ku Katedrale ya Yosefe Woyera. Tchalitchili lili pa msewu wa Sokoine, pakati penipeni pa mzinda, moyang'anana ndi doko, pafupi ndi pamene anthu amakwerera maboti opita ku Zanzibar. Kale nsanja yake yosongoka ndiyo inali kuoneka patali kwa amene anali kulowa padoko. Lero nyumba zitalizitali za mabanki ndi maofesi zaiposa msinkhu. Kunja kwake kuli phokoso la mabasi, njinga zamoto, ogulitsa matikiti ndi malipenga a sitima zapamadzi, ndipo dzuwa la kugombe limawotcha kuyambira m'mamawa. Koma munthu akangolowa pakhomo, amapeza mthunzi ndi bata. Maso amakwera okha kutsata mizati mpaka kudenga, kenaka amatsikira ku mawindo a magalasi amitundumitundu amene ali kuseri kwa guwa lalikulu, ndipo pomaliza amaima pa kanyali kofiira kamene kamatiuza kuti Mwini nyumba alipo. Mawu akuti katedrale amachokera ku liwu lachigriki lotanthauza mpando, pakuti m'menemo ndimo muli mpando wa episkopi, pamene amakhala pophunzitsa nkhosa zake. Choncho katedrale ndiye mayi wa matchalitchi onse a m'dayosizi.

Tiyeni tikumbuke pang'ono m'mene nyumbayi inafikira pamenepo. Mzinda wa Dar es Salaam anauyamba ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo dzina lake m'Chiarabu limanena za malo a mtendere. Ajeremani anausandutsa likulu la boma lao mu 1891. Amishoni a chipani cha Benedikto Woyera, ochokera ku St Ottilien m'dziko la Germany, anatsegula mishoni yao yoyamba ku Pugu, kunja kwa mzindawu, mu 1888. Mishoniyo inawonongedwa mu January 1889 pa nkhondo ya anthu a kugombe yolimbana ndi Ajeremani, ndipo amishoni atatu anaphedwa. Otsalawo sanataye mtima. Anabwereranso, ndipo anamanga katedraleyi kuyambira mu 1897 mpaka mu 1902. Taonani zaka zimenezi, abale: ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo Abambo Oyera anakhazikika ku Mua mu 1902. Ndiye kuti katedrale ya padoko ija ndi ya msinkhu umodzi ndi Eklezia wa kwathu kuno. Pamene agogo athu anali kuphunzira chizindikiro cha mtanda m'munsi mwa mapiri a Dedza ndi ku Ntcheu, amisiri a kugombe anali kumaliza nsanja ija.

Tsono nyumba yotereyi, yokhala pa mtunda wa makilomita awiri kapena atatu okha kuchokera ku Kariakoo, abale athu ambiri amaidutsa chaka ndi chaka osalowamo. Zifukwa zimene amapereka tazimva, ndipo tiziyankhe chimodzi ndi chimodzi mosabisa mawu.

Choyamba amati nthawi palibe. Malo ogona ndi olipira, ndalama ya Malawi imatha mphamvu ikangosinthidwa, ndipo tsiku lililonse limene munthu achedwa limadya phindu lake. Izi n'zoona, ndipo ife sitikuzipeputsa. Tikudziwa kuti ambiri mwa amalondawa amayenda ndi ndalama za ngongole, ndi kuti pambuyo pao pali ana ofuna sukulu ndi makolo ofuna mankhwala. Eklezia nayenso ndi mayi wodziwa mavuto a ana ake. Malamulo ake a mu 1983, pa nambala 1247 ndi 1248, amatilamula kuchita nawo Nsembe ya Misa tsiku Lamulungu ndi pa masiku ena oyera olamulidwa, koma amalola kuti udindowu tiukwaniritse ngakhale madzulo a tsiku lotsogolera, ndiponso m'tchalitchi lililonse la Katolika. Wodwala, wodwazika matenda, kapena amene tsiku lonse lamuthera m'basi pakati pa Iringa ndi Morogoro, palibe amene angamuimbe mlandu. Koma nanga amene wagona mumzinda wodzaza ndi maparishi, m'mene Misa zimachitika zingapo tsiku Lamulungu? Munthu yemweyo amatha kudikira maola anayi kuti galimoto yonyamula katundu idzaze, osadandaula. Amatha kuyenda masitolo makumi awiri pofuna kuchotsetsa mashilingi ochepa pa mtengo wa nsapato. Ola limodzi lokha la Mulungu ndilo limasowa. Tinene zoona: nthawi ilipo, koma taipereka kale kwa mbuye wina.

Pamenepa abale athu Achisilamu amatichititsa manyazi. Amene anakhalako ku Kariakoo tsiku Lachisanu masana anaona amalonda ambiri akutseka zitseko kapena kusiyira anyamata, iwo n'kupita ku mzikiti, ogula ali pakhomo ndi ndalama m'manja. Malonda ao sanagwe chifukwa cha zimenezo. Ndipo m'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 16, timawerengamo za Lidia, mayi wogulitsa nsalu zofiirira, wa ku Tiatira, amene anali kutali ndi kwao mu mzinda wa Filipi. Tsiku la Sabata mayiyu anapezeka pamalo opempherera m'mbali mwa mtsinje, ndipo m'menemo ndimo anakumana ndi Paulo, nabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba mwake. Akadanena kuti za Mulungu akazionera ku Tiatira, bwenzi dzina lake litaiwalika pamodzi ndi nsalu zake.

Chachiwiri amati chinenero sitikuchimva. Chifukwa ichi chimatiseketsa pang'ono. Pokangana mitengo, Mmalawi ndi Mswahili amamvana bwino lomwe. Pamene mawu asowa, zala ndi manambala a pa foni zimalankhula. Chiswahili chimangovuta pakhomo la tchalitchi. Chikhalirecho ndi chinenero cha pachibale ndi chathu: iwo amati Mungu, ife timati Mulungu, iwo maji, ife madzi, nyumba ndi moto ndi mawu a tonse. Ambuye kumeneko amawatchula kuti Bwana, ndipo Mkristu wa kwathu akamva zimenezi mwina angakumbuke kuti bwana wake weniweni ndani. Koposa apo, Misa ndi imodzi pa dziko lonse lapansi. Timadziwa nthawi yodzigunda pachifuwa, nthawi yoimirira kumva Mthenga Wabwino, nthawi yogwada pamene wansembe akweza Thupi ndi Magazi a Kristu. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa mu 1962 mpaka 1965, usanatsegule khomo la zinenero zathu, agogo athu anali kumva Misa m'Chilatini, ndipo anali kunyamuka kusanache, ena dzulo lake, kuyenda pansi mitunda yaitali kuti akaipeze. Iwo sanamve mawu ambiri, koma anadziwa amene anali kukakumana naye.

Chifukwa chachitatu tinachimva kwa mnyamata wophunzira bwino, ndipo n'cholemera kuposa zinazo. Iye anati, "Nyumba ija ndi chikumbutso cha atsamunda. Anaimanga ndi Ajeremani pa nthawi imene anali kukwapula anthu akuda." Sitidzamuyankha ndi bodza. N'zoona kuti katedraleyi inamangidwa mu mthunzi wa boma lachitsamunda, ndipo boma limenelo linali lankhanza. Linakakamiza anthu kulima thonje, ndipo pamene anthu anaukira pa nkhondo ya Maji Maji, kuyambira mu 1905 mpaka 1907, asilikali anatentha midzi ndi nkhokwe, kotero kuti anthu zikwizikwi anafa ndi njala. Ambuye Cassian Spiss, amene anatsegula mishoni ya Peramiho pafupi ndi Songea mu 1898 nakhala episkopi mu 1902, anaphedwa pa nkhondo yomweyo mu August 1905, pamodzi ndi abulazala awiri ndi asisitere awiri. Anthu ovutikawo sanathe kusiyanitsa mzungu wa mtanda ndi mzungu wa mfuti, ndipo tiyenera kuvomera kuti nthawi zina amishoni enieniwo sanaonetse kusiyanako mokwanira.

Koma mbiri siinathere pamenepo. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Ajeremani anachoka, ndipo ntchito ya ku Dar es Salaam inapatsidwa kwa ansembe Achikapuchini a ku Switzerland. Mu 1960 Papa Yohane XXIII anasankha Ambuye Laurean Rugambwa wa ku Bukoba kukhala kadinala, woyamba wa mu Afrika wakuda m'nthawi zathu zino, ndipo mu 1968 anasankhidwa kukhala pa mpando wa m'katedrale yomweyi, umene anausunga mpaka 1992. Pambuyo pake panakhala Ambuye Polycarp Pengo mpaka 2019. Mfumu ya ku Germany inapita, boma la Angelezi linapita, ngakhale likulu la dziko linasamukira ku Dodoma, koma kanyali kofiira kaja kakuyakabe. Tsiku limene tinalowamo, oimba, otumikira, ansembe ndi khamu lodzaza mabenchi anali ana a Afrika. Amene akana kulowamo chifukwa cha Ajeremani akukana abale ake amoyo pofuna kulanga adani amene anafa kale. Ndipo tifunse: njanji ya pakati pa dzikolo anaimanga ndani? Dzina lenilenilo la Kariakoo linachokera ku gulu la amtengatenga lotchedwa Carrier Corps, limene Angelezi analisonkhanitsa pa nkhondo yoyamba ija, nkhondo imene inameza amtengatenga ambirimbiri a ku Nyasaland. Sitinamvepo munthu akukana kukagula ku Kariakoo chifukwa cha mbiri imeneyo.

Pafupi ndi katedraleyi, pa msewu womwewo, pali nyumba yakale ya Abambo Oyera yotchedwa Atiman House. Dzinali ndi la Adrien Atiman, mwana wa kumadzulo kwa Afrika amene anagwidwa ukapolo ali wamng'ono, nawomboledwa ndi amishoni, naphunzira za mankhwala ku Malta. Anafika ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mu 1889, ndipo anatumikira kumeneko monga sing'anga ndi katekisti mpaka imfa yake mu 1956. Munthu ameneyu anali mlendo moyo wake wonse, kutali ndi manda a makolo ake, koma chikhulupiriro chake chinawoloka naye malire onse. Ife chathu chimalephera kuwoloka kamtsinje ka Songwe.

Tsono zifukwa zitatuzi tikazichotsa, chimatsala n'chiyani? Chimatsala chinthu chimene sitikonda kuchitchula. Ambiri a ife timapita ku tchalitchi kwathu chifukwa kuli maso otiona: katekisti amene amalemba maina, anzathu a mumphakati, apongozi, ndi mantha akuti tikadzamwalira mwambo wa maliro athu udzavuta. Kumene kulibe wotidziwa, chikhulupiriro chimavulidwa ngati yunifomu ya kwaya, n'kupindidwa pansi pa chikwama. Tamusandutsa Mulungu kukhala nyakwawa, amene ulamuliro wake umathera pa malire a mudzi. Mneneri Yona naye anaganiza chomwecho pamene anatsikira kudoko la Yopa, nalipira ulendo wapanyanja kuti athawe pamaso pa Mulungu. Anazindikira mochedwa kuti nyanja nayonso ili ndi Mwini wake. Mzinda wachilendo ndiwo muyeso woona wa Mkristu, pakuti m'menemo munthu amapemphera popanda womuyamikira, ndipo amachimwa popanda womunena.

Wina angafunse kuti, "Kodi kuphonya Misa imodzi kapena ziwiri pa ulendo n'chinthu choti n'kulembera nkhani yonseyi?" Tikadakhala kuti timangosiya Misa yokha, mwina bwenzi titafupikitsa. Koma ife ansembe timakhala ndi mabanja pa nthawi ya misozi, ndipo tikudziwa zina zimene zimatsala pa Songwe pamodzi ndi Mulungu. Mphete ya ukwati imatsala pomwepo, ndipo patapita miyezi mayi wosalakwa kunyumba amalandira matenda amene sanawafune. Chilungamo chimatsala pomwepo, ndipo pobwerera pamapezeka malisiti abodza ndi ndalama zopindidwa m'kati mwa pasipoti. Ena amafika mpaka pofuna zithumwa zokokera ogula. Sitikunena kuti amalonda onse amachita zimenezi. Tikudziwa ambiri oopa Mulungu amene amadyetsa ana amasiye ndi thukuta lao. Koma munthu akangovomera mumtima mwake kuti pali malo ena pamene Mulungu alibe nawo kanthu, watsegula khomo limene sadzatha kulitseka yekha. Ndipo ana amaona. Mwana amene wamva bambo wake akunena kuti kutauni ndi kwa ndalama, akadzapita ku koleji ku Zomba, ku ntchito ku Blantyre kapena ku Johannesburg, adzachita zomwezo, ndipo makolo adzadabwa kuti anaziphunzira kuti.

Sitingamalize osadziloza chala ife eni ake ansembe. Nthawi zambiri timalandira mphatso za amalonda pa tsiku la zokolola ndi kuwaombera m'manja, osawafunsa za moyo wao wa panjira. Timalalika ngati kuti Akristu onse ndi alimi okhala pamudzi chaka chonse, pamene ambiri moyo wao uli m'mabasi, m'misika ndi m'malire. Ndipo matchalitchi athu ambiri a m'matauni timawatseka ndi maloko kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, poopa akuba. Mantha amenewo ali ndi maziko, pakuti zinthu zopatulika zabedwapo. Koma chitseko chotseka nachonso chimalalika, ndipo ulaliki wake ndi womwe uja wa bambo wa m'basi: pakati pa sabata Mulungu kulibe, bwerani Lamulungu. Ngati parishi imatha kupeza ndalama zomangira mpanda, ingathenso kupeza mlonda wa masana, kapena kugawa maola pakati pa miphakati kuti pakhale anthu awiri opembedza pamaso pa Sakramenti Loyera, chitseko chili chotsegula.

Palinso ena amene amalowa ndithu m'katedrale, koma amalowa ngati m'nyumba yosungiramo zakale. Amafulatira tabernakulo kuti chithunzi chao chikome ndi mawindo aja kumbuyo, natumiza kwa abale pa foni, natuluka osapinda bondo. Mlendo wachipembedzo china tingamukhululukire, pakuti sadziwa. Koma Mkatolika wobatizidwa amene alowa m'nyumba ya Atate ake, nayamikira denga ndi mizati, osapereka moni kwa Mwini nyumba, wachita chinthu chimene ngakhale pa mwambo wathu chimatchedwa kusaleredwa.

Tsono tichite chiyani? Zimene tikupempha n'zapafupi. Amene akukonza ulendo, pamene akufunsa mtengo wa shilingi ndi malo ogona, afunsenso kumene kuli tchalitchi ndi nthawi za Misa. Akatolika oyenda m'basi imodzi adziwane ndi kukumbutsana, pakuti mphakati sufuna nyumba, ufuna anthu. Amene tsiku Lamulungu lamupeza pa msewu apemphere korona pampando pake, ndipo akafika alowe m'tchalitchi ngakhale Lachiwiri, ngakhale kwa mphindi khumi. Amayi ndi abambo otsala kunyumba, polandira wapaulendo, asangofunsa za katundu, afunsenso kuti, "Munakapemphera kuti?" Ndipo makolo potumiza mwana kutauni amupatse, pamodzi ndi kamba wa panjira, dzina la parishi ya kumene akupita.

Lolemba masana, mapepala a galimoto atatichedwetsa, tinabwereranso ku katedrale kuja kukathawa dzuwa ndi kupemphera. Munali anthu owerengeka: mayi wovala za ku ofesi, nkhalamba yogwira korona, ndi mnyamata wina wa malaya onyowa ndi thukuta, amene maonekedwe ake anali a wonyamula katundu padoko. Mnyamatayo anagwada kumbuyo kwenikweni kwa kanthawi kochepa, nachita chizindikiro cha mtanda, nabwerera ku ntchito yake. Sitinadziwe dzina lake, ndipo iye sanadziwe kuti wina akumuona. Nayenso anabwerera ndalama mumzindamo, monga anzathu a m'basi aja, ndipo mwina anali wosauka kuwaposa onse. Pa ulendo wotsatira, abale okondedwa, mukadinditsa pasipoti pa Songwe ndi kuwoloka mlatho, mukumbukire mnyamata ameneyu, ndipo mukafika padoko mukalowe m'nyumba ya Yosefe Woyera. Mukapezamo Ambuye yemwe uja amene munamulandira pa Ukaristia wanu woyamba ku parishi ya kwanu.